Bokosi la ku Chiuta Lili ku Utale

Lachisanu, 10 Januwale 2025. Balaka.

Mabokosi afika lero. Asanu ndi awiri, ndawerenga kawiri. Mabatire chimodzimodzi, timasola chimodzimodzi, kamodzi kong'aluka pakona koma kakugwira ntchito. Bokosi lililonse kukula ngati buledi. Lakuda, lopanda galasi loonerapo. Pogunditsa khadi, nyali yobiriwira, nyali yofiira, kakamwa kotulutsa kapepala. Basi.

Joanna, mwana wa malemu achimwene, ndiye wapatsidwa ntchito yokonza mabokosiwa ndi bungwe lawo logawa chimanga. Anabwera kunyumba kudzandinyengerera ndimuthandize. Ati makompyuta a kukampani ya fodya ku Limbe ndinawaweta zaka zonse zija, awa ndi ana chabe. Ndavomera. Kukhala pakhonde n'kumawerenga odzapempha ganyu kwanditopetsa. Dzulo anabwera 9. Ganyu ndilibe.

Lamulo la eni chimanga chaka chino: thumba silitsika mu lole mpaka bokosi litayatsa nyali yobiriwira pa khadi la banjalo. Zolemba pamanja anakana. Ati chaka chatha matumba ankayenda okha.

Mng'ono wanga Dalesi waimba kuchokera ku Chiuta, pa foni yobwereka. Iye ndi adzukulu asanu, pakamwa 6. Amuna ake a Yasini anamwalira, make wa anawo ali ku Joni, sakumveka. Mango anatha. Akudya kalongonda, kuwiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsa n'kutaya madzi. Nyanja yaphwa, nsomba kulibe.

Kenaka ananena mothamanga ngati akufuna ndisamve. A Momade, ogula nsomba a kutsidya ku Mozambique, akufuna Zaituni. Matumba awiri a chimanga. Zaituni ndiye wamkulu mwa adzukuluwo. Zaka 15, Sitandade 7.

Ndamuuza lole ifika ku Chiuta Lachinayi pa 23. Thumba pabanja, mwezi ndi mwezi mpaka kukolola. Ndamuuza adikire. Foni inaduka asanayankhe.

Lolemba, 13 Januwale.

Ndilembe momwe zimayendera. Mutu wa nkhalamba si wodalira.

Bokosi likachoka kufakitale silidziwa kanthu, ngakhale dzina lake. Muofesi muli kompyuta yaikulu, Joanna amaitcha kholo. M'kholomo muli fayilo imodzi yosunga zonse: malo asanu ndi awiri ogawirako, malo alionse ndi mabanja ake, makilogalamu ake, kiyi wake wachinsinsi. Bokosi latsopano ukalilumikiza pa waya n'kuliyatsa, kholo limalitumizira sikiripiti, kapulogalamu kongotsata malangizo mzere ndi mzere. Sikiripitiyo imaika zonse yokha, munthu osagwira. Pomaliza imafunsa kholo: ine ndine wa kuti? Ikayankhidwa imalemba m'bokosimo n'kukhoma.

Kufunsako ndi kamodzi kokha, pa waya, muofesi muno. Likapita kumudzi palibe angalisinthe, kaya wakuba kaya Joanna mwini wake. Nzeru yabwino. Nthawi yathu tinkaika makina amodziamodzi pamanja, msana kuwawa.

Chovuta ndi ichi. Kholo lidziwa bwanji kuti lomwe likufunsalo ndi liti? Njira yake yeniyeni: bokosi lililonse lili ndi nambala yobadwa nayo, nambalayo uilembe m'fayilo pafupi ndi dzina la malo. Koma manambala amene ogulitsa anatumiza ndi a mabokosi ena, si awa. Kuwafunsanso ndi sabata yathunthu. Joanna wasintha sikiripiti: loyamba kufunsa litenga malo oyamba m'fayilo, lachiwiri achiwiri, motero.

Sindinakondwe. Ndinati makina azidziwika ndi nambala, osati ndi kudzuka m'mawa. "Azakhali, anthu akudya kalongonda." Amanena zoona.

Ndandalika mabokosi patebulo lalitali, ndamata mayina kuyambira kumanzere monga alili m'fayilo. Chiuta, Ngokwe, Nselema, Kalembo, Ulongwe, Phalula, Utale. Tisanayatse ngakhale limodzi, magetsi phethi.

A Abdulrazak, amene amationera mawaya ndi sola, anaseka. Ati ana angawa, kunena mabokosi, agona ndi njala nawonso. Bambo wodekha, kwawo ku Nselema. Tiyi wawo wopanda shuga, akuti adokotala. Ndikuganiza shugayo amasungira kunyumba.

Lachiwiri, 14 Januwale.

Maliro kutchalitchi. Mayi wa m'kwaya yathu. Ati BP. Tonse tikudziwa kuti ndi njala. Olira 60 kapena kupitirira, chakudya cha anthu 20. Ndinabwerera osadya, ndinati m'mimba.

Joanna anali ku Liwonde kunkhokwe, za lole. Magetsi anabwera masana tonse kulibe. A Abdulrazak anamuimbira, iye anawauza ayatse msanga asanazimenso: limodzilimodzi motsatana pamzere, lililonse alidikire limalize. Ndafika zonse zitatha. Pa kholo mizere isanu ndi iwiri, yonse yobiriwira.

Ndinawathokoza. Anati Alhamdulillah, ana abadwa onse amoyo.

Chimanga changa: ndowa ziwiri. Nkhuku zitatu, imodzi yasiya kuikira.

Lachitatu, 15 Januwale.

Tchuthi, ife pantchito. Kuyesa.

Makhadi anagawidwa kale m'midzi, muofesi mulibe. A komiti ya kwa Kalembo okha ndiwo anabwera ndi makhadi khumi, poti kwawo n'kufupi ndipo ndiko tiyambire. Bokosi la Kalembo: khumi onse yobiriwira, mayina olondola, kapepala kutuluka bwinobwino. Ndinagunditsa khadi lomwelo kachiwiri, yofiira. Ndiye kuti kulandira kawiri kulibe.

Enawo tilibe choyesera. Ndinagunditsa khadi la Kalembo pa onse asanu ndi limodzi, onse anakana, monga ayenera. Kukana kokha sikutsimikiza kanthu. Ndinanena. A Wadson, akulu a bungwe kuno, anati kholo lati zonse zili bwino, galimoto ikudikira, mafuta ake ndi omaliza. Mabokosi apita lililonse kwawo.

Loweruka, 18 Januwale. Kalembo.

Mabanja 412. Onse yobiriwira kupatula atatu otaya makhadi. Mzere wopanda phokoso. Anthu anjala sakangana, amangoyang'ana lole. Mayi wina anakhala pathumba lake osadzuka, ndinayesa wakomoka. Ati akungofuna alimve kaye.

Joanna anandigwira dzanja pobwerera. Sanagone bwino chiyambire Khrisimasi.

Dalesi waimbanso. A Momade anabwera ndi chitenje ndi shuga. Hassan, wamng'ono mwa adzukuluwo, miyendo yatupa, ukadina chala pamatsala dzenje. Ndinayamba za sukulu, za lamulo, za msinkhu wa mwana. Anandidula.

"Achemwali, lamulo ndiliphike? Ndidikira Lachinayi lanulo. Likadutsa musadzandifunse."

Ndowa imodzi mwa ziwiri zanga ndaithira m'kathumba, ndapatsa a Willard oyendetsa lole akamupatsire. Ndowa ndi ndowa. Siingalimbane ndi matumba awiri.

Lachiwiri, 21 Januwale.

Ngokwe. Yofiira.

A Willard anaimba m'mawa. Lole yafika ndi chimanga cha Ngokwe ndi cha Chiuta pamodzi, anthu 380 pamzere, khadi loyamba yofiira. Lachiwiri yofiira. Makumi awiri, onse yofiira. Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva anthu, osati kukuwa, kung'ung'udza ngati njuchi.

Joanna pa kholo. Kholo likuti bokosi la Ngokwe silinayatsidwe lero. Koma likuti la Phalula layaka, likukana makhadi achilendo. Ku Phalula kulibe kugawa lero. Tinaimbako: bokosi lili m'kabati mwa ahedi, lozima.

Ndinalemba mayina asanu ndi awiri aja papepala. Ngokwe ndi lachiwiri kuchokera kumanzere. Phalula lachiwiri kuchokera kumanja.

Ndinatenga makapu asanu ndi awiri, ndinawandandalika patebulo lomwelo. Ndinaitana a Abdulrazak, ndinati andionetse momwe anayatsira. Anati Bismillah, dzanja linapita pa kapu ya kumanja kwenikweni.

Nanga akanayambira kuti? Munthuyu nsapato amayamba ya kumanja, kupereka moni amayamba wa kumanja, kuthira tiyi chimodzimodzi. Anaphunzira kumadrasa ali mwana kuti chinthu chabwino chimayambira kumanja, ndipo kuyatsa makina odyetsa anthu ndi chinthu chabwino. Ine ndinamata kuyambira kumanzere poti ndimo ndimawerengera. Joanna anati motsatana, sanatchule mbali. Pa masitika panali mayina okha, manambala ayi. Aliyense anachita bwino zake.

Mzere wonse unatembenuka. La Ngokwe lili ndi za Phalula. La Nselema za Ulongwe. La Kalembo lili pakati, atatu uku atatu uko, kuyambira kulikonse limakhala lachinayi. Lokhalo ndilo linali lolondola, ndipo lokhalo ndilo tinayesa.

La ku Chiuta lili ndi za Utale. Mabanja a ku Chiuta, khadi la Dalesi, zonse zili m'bokosi lomwe lili ku Utale.

A Abdulrazak anakhala pansi pasimenti. Joanna anati si iwo, ndi sikiripiti yake. Ine ndinati zokambirana olakwa tidzachita tikakhuta.

Kusintha patali sikutheka, tinakhoma tokha. Kubweza onse kuno, kuwafufuta n'kuyambanso, ndi sabata. Chotsala: kusinthanitsa mabokosi enieniwo. La ku Utale lipite ku Chiuta, la ku Phalula lipite ku Ngokwe.

Ndinapempha a Wadson alole kugawa ndi pepala, kamodzi kokha. Iyayi. Ati thumba limodzi lotsika popanda nyali, eni chimanga atseka pulogalamu yonse m'maboma awiri. Mwina akukokomeza. Mwina ayi. Lole ndi yobwereka, Lachisanu ibwerere ku Liwonde, yotsitsa kapena yosatsitsa.

Foni ya oyandikana ndi Dalesi siikupezeka. Ndayesa kasanu. Ndapempha a Willard atume munthu wa njinga akamuuze kuti tikubwera, asachite kanthu.

Lachitatu, 22 Januwale.

Petulo kulibe Balaka yonse. Galimoto ya bungwe ili pamzere kuyambira dzana, nambala 47. A Abdulrazak apeza wa m'zigubu kuseri kwa msika, wokwana njinga yawo yamoto. Mtengo sindilemba.

Anapita ku Phalula m'mawa, kosavuta. Ku Utale matope. Mvula yomwe tinailira mu Disembala yasankha sabata ino. Abwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'chiuno, mabokosi awiri m'malaya, ouma. Osadya tsiku lonse. Ndinawapatsa mbatata yanga, anakana, ndinawakalipira ngati mwana wa sukulu, anadya.

Joanna walumikiza onse awiri pa kholo kuti tione. Lomata Utale likuti Chiuta, mabanja 296. Lomata Phalula likuti Ngokwe. Ndamatula masitika akale, ndalemba atsopano, dzina ndi nambala yomwe. Usiku uno Joanna akulembanso sikiripiti kuti izifunsa ndi nambala yobadwa nayo. Manambalawo tsopano kholo likuwadziwa, linawasunga pomwe mabokosi ankafunsa. Ati mwezi wamawa sizidzachitikanso. Mwezi wamawa.

Iye sangachoke pa kholo. Mabokosi sangamangidwe pa kaliyala, mabampu angawaphe, pafunika munthu wowanyamula pathupi. Ndati ndipita ine. Joanna anati zaka zanga. Ndinati zaka zanga ndimazidziwa kuposa iye.

Chiuta sikupezekabe. Mitambo, mafoni a kumeneko amadalira sola.

Lachinayi, 23 Januwale. Nselema.

Lero ndiye tsiku lija. Ndili pano.

Tinanyamuka ndi a Abdulrazak pa njinga yawo kusanache bwino. Mabokosi m'mapepala a pulasitiki, ndawabereka kumsana ndi chitenje ngati mapasa. Liwonde, Ntaja, msewu wabwino. Titapitirira Nselema, fumbi lasanduka phala. Tinagwa kamodzi, ine cham'mbali, bondo lasupuka, mabokosi sanakhudze pansi.

Kamtsinje kena kamene a Abdulrazak akuti amakadumpha osavula nsapato. Lero kadzaza mpaka m'minda, kakunyamula nthochi zathunthu ndi mizu yomwe. Tsidya lino anthu 23, njinga zamoto zinayi, mbuzi imodzi. Anyamata oolotsa anthu pamapewa akana okha. Ndinati andiolotse ine ndekha ndi mabokosi, kutsogoloko ndiyenda pansi. Mmodzi anati, "Anganga, inu tingakutoleni kumunsi, nanga katunduyo?"

Tinadikira. Ndinazika kamtengo m'mphepete kuti ndione ngati madzi akutsika. Anakwera zala ziwiri, kenaka anaima. Mdima utayandikira tabwerera kwa a Abdulrazak.

Akazi awo a Zaina anditsukira bondo ndi madzi amchere. Anaphika phala la gaga, ana anayi kuyang'ana mbale yanga. Ndadya masupuni atatu, ndati ndakhuta. A Abdulrazak sanalowe m'nyumba, ali pamkeka wawo wopempherera pakhonde.

A Willard akuti anthu a ku Ngokwe agona mozungulira lole, ena pansi pake. Wa njinga uja anamutuma, koma sakudziwa ngati anafika. Joanna walimbana ndi a Wadson, lole yaloledwa kukhala mpaka Loweruka.

Dalesi, dikira. Tsiku limodzi lokha.

Lachisanu, 24 Januwale. Chiuta.

Madzi anatsika usiku. Anandiolotsa pamapewa, mabokosi ndawasenza pamutu, njinga anainyamula anthu anayi.

Ngokwe. Anthu anatsegula njira. A Abdulrazak analumikiza batire, bokosi linadzuka, tinadikira. Khadi loyamba la bambo wina wakhungu. Yobiriwira. Kapepala kanatuluka. Panalibe nthungululu, mzere unangosuntha.

Ndinafuna lole ipite ku Chiuta kaye. Ndinangoyang'ana nkhope zija, sindinatchule n'komwe. Agawa mpaka madzulo, lole ibwera kuno mawa. Ife tinatsogola ndi bokosi ndi kathumba kanga kaja. A Abdulrazak anaphonya mapemphero a Juma, koyamba chikwatirire, akutero.

Ndinapeza Dalesi pakhonde akupeta. Chimanga choyera, chouma, cha kutsidya. Ndinawerenga ana pabwalo. Anayi.

Wa njinga sanafike. Chinafika ndi mbiri: makina akana anthu ku Ngokwe, lole ikubwerera ku Liwonde. Ngakhale zinali choncho, dzulo Dalesi anakakhala pabwalo la sukulu ndi thumba lopanda kanthu kuyambira m'mawa mpaka mbalame zitalowa m'bango. Anadikira Lachinayi langa lonse. A Momade anali padoko ndi bwato.

Zaituni sanalire, akutero. Anapinda yunifolomu yake n'kupatsa mng'ono wake.

Sindinakalipe. Ndikalipe chiyani? Hassan wadya phala kawiri lero. Ndamuona akuseka.

Dalesi sanandiyang'ane. Wachepa, khosi ngati la nkhuku. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, lero aliyense angati ndi amayi anga.

Chimodzi chokha. Nikah, ukwati wa Chisilamu, sanamange. Akudikira amalume a a Momade ochokera kutali, afika Lamulungu. Pakadali pano mwana ali kwa alongo awo a bamboyo. A Abdulrazak akuti shehe wa kumeneko anaphunzira naye limodzi, si munthu womangitsa ukwati mwini mwana atabweza mawu. Koma chimanga chibwerere chonse, ndipo wobweza mawu akhale amene anawapereka.

Matumba awiri ali kuchipinda. Limodzi losatsegula. Linalo lachotsedwa mbale zisanu ndi ziwiri.

Loweruka, 25 Januwale.

Lole yafika m'mawa. Mabanja 296, ofika 291. Yobiriwira, yobiriwira, yobiriwira. Khadi la Dalesi ndagunditsa ine, iye anakana kubwera. Kapepala: Dalesi Yasini, anthu 6, thumba limodzi.

Ndadzaza thumba lotsegula lija ndi cha m'kathumba kanga, mbale zisanu ndi ziwiri, ndawonjezera imodzi kuti pasakhale chonena. Ndasoka ndi singano ya a Willard. Dalesi ankangoyang'ana.

"Mwezi wamawa bokosi lanulo likadzakananso?"

Ndinayamba kufotokoza za nambala yobadwa nayo, kuti Joanna wakonza, kuti silingasokonezekenso. Ndinadzimva ndekha. Ndinasiya. Ndinati sindikudziwa. Ndinati likadzakana, ana awiri ndidzawatenga ku Balaka, tizikadya chomwe ndili nacho. Anafunsa ndili ndi chiyani. Ndinati ndowa imodzi ndi nkhuku zitatu. Anaseka pang'ono, kuseka koipa, n'kulowa m'nyumba.

Tanyamula matumba a a Momade pa njinga mpaka padoko, ine ndi a Abdulrazak. Ndinati ndipita ndekha, ndikanena kuti ndine mkulu wake, mwina zikamveka. Iwo anati mwina. Mwini bwato akuti madzi ndi ochepa m'bangomo, matumba awiri ndi anthu awiri kupatula iye, kuposa apo tikakamira m'matope. Sindinakwerepo bwato chibadwire. Ndinavula nsapato, ndinalowetsa mwendo umodzi.

Dalesi anatulukira kumbuyo kwathu. Wavala mpango wake wa Idi, wasamba kumaso.

"Tsikani, achemwali. Ndinamupereka ndine. Inu ngakhale khomo lake simulidziwa."

Ndinatsika.

Ndili pansi pa mtengo padoko, ana anayi ali nane, thumba lathu ndalisiya kwa oyandikana nawo, chitseko chokhoma. Dzuwa lili pamutu. Joanna waimba, Nselema ndi Ulongwe asinthanitsa, onse yobiriwira. Ndati chabwino.

Bwato lapita ndi anthu atatu, mwini wake, Dalesi ndi a Abdulrazak. Akuti kupita ndi kubwera n'kotheka lero lomwe ngati sakawachedwetsa. Mabwato akutuluka m'bango ndi ambiri, onse ofanana. Magalasi anga ndi oonera pafupi. Lililonse likatulukira ndikuimirira, ndiwerenge mitu ngati yakwana inayi.